Munga sufunsa mtengo wa wilo

Achimwene, tatsikani kaye panjingapo tikambirane. Mwandionetsa pafoni mawilo a kaboni amene mukufuna kuitanitsa ku Johannesburg, akuda bii, onyezimira ngati nsapato za mkwati. Mwati ndi opepuka. Mwati akatswiri a mpikisano wa Cape Epic amapalasira omwewo. Ndamva. Nanga tayala lakumbuyoli, lomwe mano ake anaperepeseka kale ngati nkhama za agogo, mulisiya choncho? Nanga chubu chili m'katimu, cha zigamba 7, nachonso mupita nacho ku kaboniko?

Ndinene mosapsatira. Ngati muli ndi kangachepe kokonzera njinga yanu ya m'mapiri, kayambe kupita ku matayala abwino ndi kuchotsa chubu. Kaboni adikire. Akatopa kudikira, azipita.

Tsiku lina mu Okutobala ndinanyamuka ku Zomba kulowera ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Matama anandipatutsa mumsewu, ndikuyamba kutsata tinjira ta ng'ombe. Dzuwa lisanafike paliwombo tayala linali litaphwa katatu. Kachitatuko sulushoni anali atatha. Ndinakhala pansi pamtengo, chubu ndikumiza m'beseni lobwereka kwa mayi wina, maso ali pa thovu, ana atandizinga akutsinana ndi kuseka. Bambo wina anadutsa panjinga yakapalasa atamanga matumba awiri a mpunga, nandiyang'ana mwachisoni, nati: "Pepani bwana. Koma njingayo ndi yokongola." Chinandikhazika pansi n'chiyani? Kamunga ka mthethe, kosaposa njere ya mpunga womwewo. Ndiuzeni, wilo la kaboni likanachita chiyani pamenepo? Likanamuopseza mungawo ndi risiti?

Tayala lopanda chubu, lotchedwa tubeless, si ufiti. Mumamata tepi m'kati mwa limu kuti mabowo a masipoko asatulutse mpweya, mumamanga valavu yakeyake, n'kuthira m'tayala madzi oyera ngati mkaka otchedwa sealant, mamililita 60 mpaka 120 malinga ndi kukula kwa tayala. Ambiri mwa madzi amenewa amapangidwa ndi utomoni wa labala, mtundu wa womwe uja amakha m'mitengo ya ku Vizara ku Nkhata Bay, kumene anyamata amagulitsa mipira yodumpha m'mbali mwa msewu. Munga ukabaya, mpweya umakankhira mkakawo pabowo, umaundana pomwepo, inu muli pachishalo. Nthawi zambiri simudziwa n'komwe kuti mwabayidwa. Mumadzazindikira tsiku lovula tayala, mutapeza minga italoza m'kati ngati nsungwi za msampha.

Ndipo phindu lenileni si munga wokha. Amene ali ndi chubu amapopa tayala gwa, kuopa kuti likagunda mwala, chubu chipanikizika pakati pa limu ndi mwalawo n'kung'ambika timabowo tiwiri ngati mano a njoka. Tayala lolimba chonchi limadumphadumpha pamiyala, limaterereka pamizu, mikono imachita dzanzi. Chotsani chubu, tsitsani mpweya kufika cha m'ma psi 22 mpaka 26 malinga ndi thupi lanu, kenako katsikeni njira za paphiri la Zomba mvula itangokata. Mudzabwera nokha kudzandiuza. Njinga yomweyo, miyendo yomweyo, koma tayala likugwira nthaka ngati nalimata pakhoma.

Ndikumva kale mukung'ung'udza: "Zimenezo ndi zatsopano, za azungu, sizinayesedwe." Zatsopano? Mavic, Michelin ndi Hutchinson anatulutsa mawilo ndi matayala opanda chubu otchedwa UST mu 1999. Stan Koziatek wa ku America anayamba kugulitsa mkaka wake wa NoTubes mu 2001. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ali ndi ndevu. Galimoto zomwe mumakwera tsiku ndi tsiku zinasiya chubu kalekale. Ndipo mukamati za azungu, kaboni wanuyo anapangidwira ku Ndirande?

Komatu sindikunamizani, walira mvula walira matope. Mkakawo umauma. Pakapita miyezi 2 mpaka 6 mumapeza m'tayala muli chibuluma cha labala m'malo mwa madzi, ndipo kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Salima kumafupikitsa nthawiyo. Sumapezeka pa okala iliyonse. Mmisiri wa pansi pa mtengo wa mango, yemwe amamata chubu maso ali kwina, akhoza kuuyang'ana n'kufunsa amene anathira phala m'tayala. Kukhazika tayala palimu koyamba kumafuna mpweya wamphamvu wobwera kamodzi, ndiye pampu yaing'ono ikakanika mudzapezeka muli pa filing'i siteshoni, malaya ali mbuu. Mwala wakuthwa ukang'amba tayala m'mbali, mkaka umangofwamphuka ngati wa ng'ombe yoponda ndowa. Choncho chubu chimodzi chizikhalabe m'thumba. Ndipo ngati njinga yanu ndi ya pakaunjika, ya malimu akale opyapyala ndi matayala a waya, musakakamize. Tayala lovuka palimu muli pa liwiro silipereka chenjezo. Wa kabaza, wopita kuchigayo, wopalasa kamodzi pa Khirisimasi, akhale ndi chubu chake mwamtendere. Ine ndikulankhula ndi inu amene Loweruka lililonse muli m'tchire, amene mumalota za Nyika ndi Luwawa.

Tibwerere kwa kaboni wanu. Mupulumutsa kulemera kochuluka bwanji? Mukayerekeza ndi mawilo abwino a aluminiyamu, kusiyana kwake nthawi zambiri sikufika pa botolo la madzi la theka la lita. Theka la lita! Ndalama zonsezo chifukwa cha kulemera komwe mungakuchotse pongochepetsa mitanda ya nsima, ndipo pepani, pamimbapo pali malo. Katswiri wolimbirana masekondi, wokhala ndi makaniko ndi kampani yomugulira lina likasweka, ali ndi chifukwa chake. Inu mukulimbirana masekondi ndi ndani? Limu ya aluminiyamu ikagunda mwala imabinyira, mumaiwongola ndi sipanala n'kukafika kunyumba. Ya kaboni imapirira kwambiri, inde, koma tsiku lomwe yagonja imang'aluka, ndipo pa Chingwe's Hole palibe woiwotcherera. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mwatsimikizabe kugula mawilo? Chabwino, koma safunsa anadya phula. Kodi njinga yanu ndi ya mainchesi 26, 27.5 kapena 29? Habu yakumbuyo ndi ya mamilimita 135, 142, kapena ya Boost ya 148? Magiya anu amalowa pa HG, pa Micro Spline ya Shimano kapena pa XD ya SRAM? Chimbale cha buleki chimamangidwa ndi mabawuti 6 kapena ndi Center Lock? Mwakhala chete. Mukufuna kutumiza ndalama kutsidya la Limpopo musanayeze n'komwe chomwe muli nacho pakhonde, katundu adzafike, msonkho mulipire, wilo likane kulowa, mulipachike pabalaza ngati chithunzi cha ukwati. Mukayeza zonsezo, funani la aluminiyamu lolembedwa kuti tubeless ready, la masipoko 32 wamba oti lina likaduka mmisiri aliyense alowetsepo, limu yotambalala mamilimita 25 mpaka 30 m'kati, ndi habu yomwe mabering'i ake amapezeka.

Koma choyamba tembenuzani njingayo, muwerenge zomwe zalembedwa palimu ndi patayala. Ngati zikulola, gulani tepi, mavalavu awiri ndi botolo la sealant sabata ino. Loweruka tikumane pa Ku Chawe 6 koloko m'mawa, ndipo foni ya zithunzi za kaboniyo muisiye kunyumba.