Makina Alibe Mfumu, Koma Mwini Alipo

M'maiko a kutali mwabuka mau amene ndifuna kutsutsana nao pano. Kumeneko kuli makina oyenda okha, ochedwa maloboti, amene atumizana mithenga popanda cingwe, nagwira nchito pamodzi monga linthumbu. Poona ici anthu ena anena kuti, Makinawa apangana okha; tsono akalakwa palibe munthu wopalamula. Ine ndikana ndithu. Mau amenewa ndico citsamba cobisalamo eni mlandu.

Tiyambe taona umo agwirizanira. Caka ca 2014, pa sukulu yaikuru ya Harvard ku America, Radhika Nagpal ndi Michael Rubenstein ndi mnzao wina anaonetsa timakina 1,024 tochedwa Kilobot. Kamodzi kukula kwace ndi masentimita monga 3. Kali ndi timiyendo titatu touma, ndipo kayenda ndi kunjenjemera. Kalankhula ndi kuunika kosaoneka ndi maso, kumene kawalitsa pa gome, ndipo tokamva ndi tinzace tokha tokhala pafupi, osapitirira masentimita 10. Panalibe kamodzi koona khamu lonse, panalibenso kolamulira tinzace.

Anthu anaika tinai pa malo pace monga zikhomo. Kamodzi mwa ito kanati, 0. Toyandikana nako tinati, 1. Totsatira tinati, 2. Cotero kuwerenga kunafalikira kufikira kali konse kanadziwa kutalikirana kwace ndi ciyambi. Pamenepo ta kunja tinayamba kuyenda m'mphepete mwa khamu, kali konse kazindikira pamene kali pakumva tinzace toima kale, nikaima pofika pa malo oyenera. Atapita maora monga 12, panaoneka nyenyezi pa gome.

Ncodabwitsa, sindikana. Koma funsani, Nyenyeziyo anaifuna ndani? Cithunzi cace anacilemba ndi anthu, nacitumiza kwa tonse tisanayende. Lamulo la kuwerenga, la kutsata mphepete, ndi la kuima, onsewa anawaika ndi anthu. M'khamumo munalibe mfumu, inde. Koma mwini analipo, cikhalire pambali pa gome.

Wina adzati, Koma ngakhale wopangayo sadziwiratu njira imene kamodzi kadzatsata. Nzoona zimenezo. Nanga mwini ng'ombe adziwa kodi pamene iri yonse idzaponda? Iai. Koma zikalowa m'munda wa mnzace nizitha cimanga, pa bwalo saitana ng'ombe. Aitana iye amene anatsegula khola. Ndipo akati, Zinatsatana zokha, akuru amseka, namlipiritsa.

Sikuti makinawa salakwa. M'mwezi wa July 2021, ku Erith m'dera la London, m'nyumba yosungiramo zakudya ya kampani ya Ocado, m'mene maloboti ambiri athamanga pa tinjanji atauzidwa njira ndi wailesi, atatu anaombana, ndipo moto unabuka. Ozima moto monga 100 anathamangira kumeneko, ndipo ogula ambiri sanalandira katundu wao. Ogulawo anadandaula kwa yani? Kwa eni nyumbayo, si kwa maloboti atatu aja. Ndimo muyenera kukhalira.

Koma cimene cindiopsa ine si moto wa m'nyumba ya malonda. Nzeru yomweyi ya kutumizana mithenga ailowetsanso m'tindege topanda woyendetsa, tonyamula zida za nkhondo. Kunkhondo mdani asokoneza wailesi, kuti mau a msilikari asafike kwa kandege kace. Cifukwa cace opanga zida ayesedwa kunena kuti, Tilekeni timvane tokha, tisankhe tokha wakumkantha. Taonani tsono kumene mau aja atifikitsa. Munthu aphedwa, mkazi wace afunsa womupha, ndipo onse ayankha kuti, Si ine. Khamu la makina ndilo linapangana. Mlandu wa mwazi ukhala wopanda mwini.

Akuru a maiko aciona coopsa ici. M'mwezi wa October 2023, António Guterres, mlembi wamkuru wa United Nations, ndi Mirjana Spoljaric, mtsogoleri wa bungwe la Red Cross la ku Geneva, anapempha maiko kuti apangane lamulo lomanga zida zosankha zokha wakupha. M'mwezi wa December caka comweco, pa msonkhano waukuru wa United Nations, maiko 152 anabvomera kuti nkhaniyi iunikidwe. Anacita bwino, koma kubvomera kuunika si lamulo ai, monga kuitana anthu ku bwalo si kuweruza.

Sindinena kuti makinawa atayidwe. Alowe m'migodi yakugwa ndi m'nyumba zogumuka kukafuna anthu otsala ndi moyo. Asenze katundu wothyola msana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makina omvana acita zimene amodzi sakhoza. Cimene ndipempha ndi ici cokha: pa khamu liri lonse la makina pakhale dzina la munthu wolitumayo, wokhoza kuliimitsa, ndi woyankha likapalamula.

Tsono mukamva wina akutama makina kuti apangana okha, musangogwira pakamwa. Mfunseni funso limene akuru afunsa pa mlandu wa ng'ombe: Anatsegula khola ndani?