Injini ikamaba mpweya, siyani kaye sikuluu

Eni magalimoto ndi madalaivala, lero nkhani ndi yanu. Nanunso okwera tcherani khutu, popeza kumbuyo kwa timalole timeneti kumakhala inuyo ndi matumba anu a chimanga ndi nandolo.

Kuno ku Milange magalimoto a kabureta akadalipo: ma Hilux akale a petulo, ndi ka Nissan 1400 kaja kamene ku South Africa anasiya kupanga mu 2008 koma kuno kakusenzabe katundu. Matenda ake mumawadziwa. Mukaima pa chipata cha Muloza injini imanjenjemera, kukwera, kutsika, kenaka zii! Mukaponda moto imayamba yatsamwa isananyamuke.

Amakaniko ena a pansi pa mango amangothamangira kupotokola sikuluu ya kabureta. Tsiku limenelo galimoto ilira bwino ndithu, koma ulendo wa ku Mocuba petulo athera panjira. Polemera kwake, injini imafuna magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Kapaipi ka labala kakang'aluka, kapena gasiketi ya pansi pa kabureta ikauma, injini imakoka mpweya wina wosawerengeka. Wowonjezera petulo sanachize kanthu, wangobisa bala. Mpweya wakubawo sudutsanso pa sefa, ndiye fumbi la msewu wa ku Molumbo limalowa nawo m'kati. Ukachuluka injini imatentha, mavavu nkupsa.

Kufufuza sikulira ndalama. Lizani galimoto, tengani chidutswa cha paipi, mbali ina ku khutu, inayo muziyendetsa m'mapaipi onse ndi mozungulira kabureta. Pobooka pamamveka tsiii, ngati njoka. Chenjerani ndi fani ndi lamba, malaya asalendewere. Pamene mukukaikira wazanipo madzi pang'ono. Kalilidwe kakasintha, mwapapeza. Ena amawaza petulo. Chonde ayi, kamoto kamodzi ka pa waya wa pulagi katha galimoto yonse.

Chimene chandilembetsa kwenikweni ndi mabuleki. Pa galimoto yokhala ndi busita, paipi yaikulu yochokera ku injini ndiyo imapepuza phazi lanu. Ikabooka, buleki imauma gwa ngati mwaponda mwala, ndipo zimenezi mumazizindikira pa mtsetse mutasenza anthu. Yesani m'mawa musananyamuke: injini ili chete pondani buleki kasanu, gwirani pomwepo, lizani. Phazi liyenera kutsika pang'ono. Likapanda kutsika, tsiku limenelo musakweze munthu.

Paipi yotha musamange ndi mphira ya chubu cha njinga, imasungunuka ndi kutentha. Gulani ina, kaya pa msika pano kaya ku Limbe. Mukatseka pobooka onani mapulagi (oyera mbuu ndiye kuti petulo amachepa), kenaka mapointi ndi taimingi. Sikuluu ija muigwire pomaliza, injini itatentha kale.