Pakhonde pa Aphunzitsi: Kanthu Kakang'ono Koimitsa Galimoto

Mwezi wathawu ndinakwera pikapu ya alamu anga kuchokera pa Mponela kulowera ku Ntchisi, titanyamula matumba a feteleza a mabanja anayi. Titaima panjira kutsitsa munthu wina, galimoto inakana kulira. Sitata inkazungulira bwino, petulo analimo, koma injini osadzuka. Kumwamba kunali kutada bii, ndipo lona tinalibe.

Alamu anati pampu ya mafuta yafa, tsono pafunika kutsitsa thanki ndi kukagula ina ku Lilongwe. Pamenepo panatulukira mnyamata amene ndinamphunzitsa Sitandade 7, tsopano ndi makaniko. Atatipatsa moni anati, “Aphunzitsi, tisathamangire pampu, tiyambe ndi chaching'ono.”

Zimene anachita ndi izi. Anauza alamu kutembenuza kiyi osaliza injini, iye atatchera khutu pathanki. M'magalimoto ambiri a petulo a masiku ano pampu ndi yamagetsi, imakhala m'thanki, ndipo imang'ung'udza pang'ono kiyi ikatembenuzidwa. Panali zii. Atazimitsa kiyi anatsegula bokosi la mafyuzi m'boneti, nawerenga chithunzi cha pachivundikiro. Fyuzi ya pampu inali yamoyo. Kenaka analoza relay, kabokosi konga ka machesi, ka miyendo inayi kapena isanu. Ntchito yake ndi kutsegulira pampu moto wochokera ku batire. Timano take ta m'kati tikapsa, pampu yabwinobwino imangokhala chete.

Anazula relay ya hutala, atatsimikiza kuti nambala ndi miyendo yake n'zofanana, naibaya pamalo pa ya pampu. Injini inadzuka nthawi yomweyo. Feteleza anafika wouma, ndipo m'mawa mwake alamu anagula relay yatsopano, nabwezera ya hutala pamalo pake.

Anatichenjezanso kuti tisalumikize mabowowo ndi waya, pakuti pampu yosazima pangozi imabweretsa moto. Ndiponso kuti relay yatsopano ikapsanso msanga, vuto lili pa mawaya kapena pampu imene.

Makolo anzanga, tikadaumirira maganizo athu, ndalama za fizi za ana zikadathera pa pampu yosafa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo nthawi zina wofunsidwayo ndi mwana amene tinamphunzitsa tokha. Inu achinyamata, musanyoze ntchito zamanja. Tidzachezanso mwezi wamawa.