PA MPHALA: Uta uli ku tsindwi

Tsiku lina la Mulungu mapemphero atatha pa kachalichi kena ka kumudzi, pa njira yocoka ku Lundazi kupita ku Lumezi, mlendo wocokera ku Ulaya anatulutsa uta m'thumba lalitali la nsalu. Ana anamuzungulira. Ife akulu tinaima patali, tikumwetulira monga anthu amene aona mlendo akuwaphunzitsa kudya nsima.

Utawo unali wamtali pafupifupi ngati mwini wake. Usanakungidwe nsinga sunali woongoka: kucokera pa cigwiriro unapindikira kwa woponya, koma ca ku nsonga zonse ziwiri unabwereranso kutsogolo. Azungu amaucha reflex-deflex. Mlendoyo anatifotokozera kuti kupindikira kutsogoloko kumasunga mphamvu, kotero mubvi umacoka ndi liwiro. Kupindikira kumbuyoko kumaufatsitsa, kuti ukalekerera nsinga utawo usagwedeze dzanja monga umacitira uta woongoka. Amaupanga pomata timatabwa topyapyala pamodzi ndi fiberglass. Kwao kuli mauta ena a timawilo ndi toyang'anira, amene anayamba kufala pambuyo pa caka ca 1969, koma iye anati sawafuna. Amakonda uwu cifukwa ulibe cothandizira ciliconse: pali mtengo, nsinga, diso ndi phewa la munthu basi. Ukaphonya, wolakwa ndiwe.

Pamenepo mkulu wina wa mu mpingo, amene maso ake ayamba kucita nkhungu, anapempha kuti augwireko. Anausisita kucokera ku nsonga kufikira ku nsonga, naukoka pang'ono, naulekerera mwacifatse. "Mwana wanga," anatero, "amene anapanga uyu amaudziwa mtengo. Koma kupinda nsonga sitinaphunzire kwa inu." Anatiuza momwe atate ake ankadulira mtengo wolimba, kuuumika pa mthunzi miyezi ingapo, kuupala pang'onopang'ono, kuudzoza mafuta a nsatsi ndi kuuwamba pa moto kuti upindike mofuna iwo. Nsinga ankapota ya cikopa. Mibvi inali ya bango, nthenga kumbuyo, citsulo ca kwa wosula kutsogolo. Titafunsa za uta wao, anayankha kuti uli ku tsindwi, wada ndi mwaye.

Tinabwerera kunyumba tili ndi manyazi pang'ono. Munthu waoloka nyanja atanyamula cinthu cimene analipira ndalama zambiri, pamene ife eni dziko tacisiyira makoswe. Komatu uta uli m'kamwa mwathu tsiku ndi tsiku. Tikamapemphera timati Cauta, abale athu Acitumbuka amati Ciuta, ndipo odziwa cinenero ambiri amati muzu wa dzinali ndi uta. Mvula ikakata timaloza utawaleza. Ngakhale m'buku la Genesis, mutu 9, cizindikiro ca cipangano ca Mulungu ndi Nowa ndi uta woikidwa m'mitambo, cida cimene mwini wake wacipacika. Mwana amene sanagwirepo uta adzamva bwanji kukoma kwa mau amenewa?

Uta unali cida ca Acewa, Atumbuka ndi Asenga a ku cigwa ca Luangwa. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, anadza ndi nkhondo ya mtundu wina, ya nthungo ndi cishango, yomenyana pafupi. Koma pa uzimba uta unakhalabe mfumu, makamaka cifukwa ca ulembe wopaka ku mibvi. Ulembe wina unkacokera ku njere za kombe. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire, pakati pa 1858 ndi 1864, sing'anga John Kirk anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswaci wake. Atatsuka mano anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Pofika 1885, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anali atapanga kucokera ku njere zomwezo mankhwala a mtima ochedwa strophanthin. Alenje athu, osadziwa kulemba, anadziwa kale kuti kamtengo koyanga kameneka kali ndi mphamvu pa mtima wa nyama.

Musatimve molakwa. Sitikuti acinyamata atenge mibvi alowe mu Lukusuzi. Nyama zacepa, ndipo kusaka popanda cilolezo ndi mlandu wopita nao ku ndende, kaya wagwira mfuti, waya kapena uta. Kuyambira 2003 bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi mawaya kwa anthu amene asiya kupha nyama mobisa ndi kuyamba ulimi, ndipo ife tikuyamikira nchito imeneyi. Za ulembe tisanene n'komwe: umenewo upite ndi eni ake. Cimene tikudandaula ndi luso la manja. Mlendo uja sanapheko ngakhale njiwa. Amalasa cithunzi ca pepala, nakondwa ngati wapha njati. Ndiponso kuponya mibvi ndi masewera a pa Olympics, kumene anabwereranso m'caka ca 1972.

Anyamata athu atsala ndi malegeni. Sitiwanyoza, pakuti nafenso tinapha nao mbalame zambiri zosalakwa. Koma legeni amapanga madzulo amodzi, pamene uta umafuna miyezi. Wofulumira amathyola mtengo, wopala mbali imodzi mopyola amapeza mubvi ukuthawira kumanzere, ndipo sangathe kudziphunzitsa yekha: ayenera kukhala pansi pafupi ndi agogo ake, kumvetsera, kudzudzulidwa. M'mabanja ambiri masiku ano mdzukulu ndi agogo amakumana pa mbale ya nsima pokha.

Pa 20 January Mpingo umakumbukira Sebastiano Woyera, msilikali wa ku Roma amene analasidwa ndi mibvi cifukwa ca cikhulupiriro cake, nkhoswe ya oponya mibvi. Ndi nyengo ya mvula, nchito ili m'munda, koma madzulo a tsiku la Mulungu salima munthu. Kodi Miphakati yathu singathe kuitana okalamba awiri kapena atatu kuti aonetse acinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, kapangidwe ka uta? Colasa cikhale thunthu la nthoci, kumbuyo kwake kukhale culu, mibvi ya ana ikhale yopanda citsulo, ndipo mkulu mmodzi aimirire kuti pasadutse munthu. Paja akulu anati mubvi woyang'anira sucedwa kulowa m'maso. Mtengo wodula caka cino udzakhala utauma pofika tsikulo.

Tinapitanso kwa mkulu uja sabata yotsatira. Mdzukulu wao anakwera pa mtondo natsitsa utawo. Nsinga inali itadyedwa kale, koma mtengo unalibe mng'alu ngakhale umodzi. Anaupukuta ndi cikhatho, natifunsa ngati pali amene akupha mbuzi posacedwa, kuti awasungire cikopa.