Akaunti inde, ngongole yachiwiri ayi

Mayina a ana osankhidwa kupita kuyunivesite akatuluka, m'makomo mwambiri ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona mumamveka nthungululu. Makolo amathamangira kugula chikwama, bulangete ndi nsapato. Koma nkhani ya komwe mwanayo azikasunga ndalama zake imasiyidwa mpaka tsiku lonyamuka. Ife tikuti uku nkulakwitsa.

Wophunzira wa lero sangakhale wopanda akaunti. Bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, limatumiza ndalama zodyera ndi zolipirira pogona kudzera kubanki. Ndalama yobwera kamodzi koma yofunika kudyedwa miyezi ingapo ndi mayeso aakulu kwa mwana yemwe sadagwirepo K100,000 m'manja.

Mabanki alipo ambiri: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, First Capital ndi ena. Sitikusankhirani, koma kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Kholo litenge mwana ndi chitupa chake cha unzika, apite limodzi kukafunsa. Kodi pali akaunti ya ana asukulu? Pamwezi amadula zingati? Kutapa pa ATM ya banki yomweyo ndi zingati, nanga ya banki ina? Kukankha ndalama kupita ku Airtel Money kapena TNM Mpamba amadula zingati? Ndi ndalama zingati zoyenera kutsala muakaunti? Musaiwale kuti kuyambira mu 2021 zolipira zina za kubanki zili ndi msonkho wa VAT pamwamba.

Muganizirenso za mtunda. Banki yomwe ili pafupi ndi kwanu ku Area 23 kapena Area 25 sikuti ili pafupi ndi Bunda, Zomba, Mzuzu kapena Thyolo. Mwana akamakwera minibasi kukasaka ATM, ndiye kuti ndalama ya ndiwo yathera panjira. Sankhani banki yomwe ili ndi makina kapena ejenti pafupi ndi sukulu.

Nkhani ina ndi ya khadi. Khadi ya ATM imangotulutsa zomwe mwini wake adasunga, zikatha, zatha. Koma pali khadi ina ya ngongole, yomwe mabanki amati credit card. Iyi munthu amagulira zinthu ndi ndalama za banki, nkudzabweza ndi chiwongoladzanja akachedwa. Kuno kwathu makhadi otere amapatsidwa kwa anthu a malipiro okhazikika, ndipo mwana wasukulu asawasirire. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ankabwereketsa pamtengo woposa pamenepo.

Chotidetsa nkhawa nchakuti ngongole yomweyo yalowa m'thumba la mwana kudzera pafoni. Kungodina manambala angapo, ndalama yalowa. Ena akugwa m'manja mwa akatapila, kukongola K50,000 nkubweza K75,000 pakutha pa mwezi, chikole chake laputopu yomwe mayi adagula atatenga ndalama kubanki mkhonde. Ndalamayo nthawi zina imathera kujuga ya mpira. Mapeto ake mwana amalowa m'kalasi ndi njala, maganizo ali kwa wangongole.

Wophunzira adziwe kuti ali kale ndi ngongole imodzi, ya boma, yomwe adzayenera kubweza akamaliza sukulu kuti ang'ono ake nawonso adzathandizidwe. Adziwenso kuti malinga ndi lamulo la Credit Reference Bureau lomwe lidakhazikitsidwa mu 2010, mbiri ya wosabweza ngongole imasungidwa. Dzina likada ali pasukulu, adzavutika kupeza mpamba wa bizinesi mtsogolo.

Makolo, khalani pansi ndi mwana muwerengere limodzi: lendi, chakudya, mabuku, thiransipoti. Muuzeni kuti nambala yachinsinsi ya khadi sapatsa mnzake, ngakhale chibwenzi, ngakhale woimba foni kuti ndi wa kubanki. Akaona kuti ndalama zadulidwa mosadziwika bwino, akadandaule kubankiko, ndipo zikakanika apite ku Reserve Bank.

Nawo mabanki tikuwapempha kuti akamakhoma matenti m'masukulu kukopa ophunzira, azifotokoza mitengo yawo yonse poyera, m'Chichewa chomveka.

Mmera mpoyamba. Mwana wophunzira kusamala K10,000 lero ndiye adzasamale malipiro ake mawa.