Za Pakhomo: Chitsime Chimodzi pa Banja Lonse

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za kachipangizo kotchedwa rauta, kamene kayamba kupezeka m'nyumba zambiri. Ifenso tidakagula chaka chatha titatopa ndi madandaulo. Pakhomo pathu pali malamya a m'manja asanu ndi kompyuta imodzi imene timalembera mayeso a ana a sukulu, ndipo aliyense ankagula kabandulo kakekake ka tsiku limodzi. Mai a kunyumba ataŵerengera ndalama zimene zinkatuluka pa mwezi, adagwira pakamwa. Tidagwirizana tsono zokumba chitsime chimodzi choti banja lonse lizitungapo. Koma bandulo imene tidagula kuti itifikitse kumapeto kwa mwezi idatha patangopita masiku 9, ndipo m'nyumba mudabuka kulozana zala. Zimene tidaphunzira pambuyo pake ndizo tifuna kugaŵana nanu, pakuti safunsa adadya phula.

Rauta ili ndi ntchito ziŵiri. Imalandira intaneti kuchokera kunja, kudzera m'simukhadi ya kampani monga TNM kapena Airtel, kapena pa chingwe, kapenanso kuchokera ku Starlink imene idayamba kutumikira m'Malaŵi muno mu 2023. Kenaka imagaŵira zipangizo za m'nyumba pa mafunde a wailesi, ndipo njira imeneyi ndiyo Wi-Fi. Malamulo ake oyamba adakhazikitsidwa mu 1997 ndi bungwe la akatswiri la IEEE, ndipo dzina lakuti Wi-Fi lidadza mu 1999. Tizindikire kuti Wi-Fi ndi mipope ya m'nyumba chabe, pamene madzi ake ndi intaneti imene timalipira. Bandulo ikatha, mipope ija imakhalapobe, ndipo tiona kutsogoloku kuti imakhala idakali ndi ntchito.

Choyamba ndi malo. Ife tidaibisa m'kabati kuwopa fumbi ndi manja a adzukulu, ndipo kuchipinda mafunde sankafika. Khoma la njerwa zootcha, chitsulo, kalilole ndi madzi zimafooketsa mafundeŵa. Motero rauta iikidwe poyera, pamwamba, chapakati pa nyumba, osati pansi kapena kuseri kwa wailesi ya kanema. Ngati ndi ya simukhadi, yesani malo angapo pafupi ndi zenera kufikira mutapeza pamene ikugwira bwino nsanja ya kampani. Marauta ambiri amaulutsa pa mafunde a mitundu iŵiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. Oyambawo amapita patali ndi kupyola makoma, koma amayenda pang'onopang'ono ndipo amasokonezana ndi a anansi. Achiŵiriwo ngofulumira koma safika patali. Wokhala pabalaza asankhe 5 GHz, ndipo wa kukhichini kapena pakhonde asankhe 2.4 GHz.

Chachiŵiri, chimene chili chachikulu, ndi makiyi. Kunsi kwa rauta kumakhala kapepala kolembedwa dzina la netiweki, mau achinsinsi ndi adiresi yake, imene kaŵirikaŵiri imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Mukalumikiza lamya yanu, lembani nambala imeneyo pamene mumalemba maadiresi a pa intaneti, ndipo mudzaloŵa m'chipinda choyendetsera rauta. Makiyi alipo aŵiri, ndipo ambiri amangodziŵa imodzi. Ina ndi ya Wi-Fi, imene mumapatsa a pabanja. Inayo ndi ya chipinda choyendetsera chija, imene pa marauta ambiri imachokera kufakitale ili mau odziŵika kwa aliyense, monga akuti admin. Sinthani zonse ziŵiri tsiku loyamba lomwelo. Mau a Wi-Fi saloledwa kuchepera zilembo 8, koma ife tilangiza kuti zikhale 12 kapena kupitirira. Asakhale dzina la banja, chaka chobadwa kapena nambala ya lamya, pakuti mnyamata wochenjera amayamba kuyesa zomwezo. Ndi bwino kulumikiza mau atatu kapena anai osagwirizana, ndi kuikapo manambala. Alembeni m'kope, ndipo kopelo lisungidwe pamodzi ndi makalata ofunika a pabanja.

M'chipinda chomwecho mudzafunsidwa mtundu wa loko. Sankhani WPA3, imene idadza mu 2018, kapena WPA2 ya mu 2004. WEP ndi loko wakale amene akatswiri adamupeza wofooka kuyambira mu 2001, ndipo sayenera kugwiritsidwanso ntchito. Njira yotchedwa WPS, yoloŵetsa anthu ndi kanambala kakafupi, muitseke. Musaone ngati zonsezi nkuteteza bandulo yokha. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa m'dzina la mwiniwake. Munthu wachilendo akachita zachinyengo kudzera pa rauta yanu, mapazi ake adzaloza pakhomo panu.

Nanga bandulo yathu ija idapita kuti? Rauta imaonetsa mndandanda wa zipangizo zonse zimene zalumikizidwa. Titayang'ana tidapeza 11, pamene zathu ndi 6. Mdzukulu wathu adaavomera kuti adauzako mnzake mmodzi, ndipo mnzakeyo adauza anzake, nchifukwa chake khonde lathu linkadzaza madzulo aliwonse. Tidamdzudzula mwanayo kolimba. Koma titafufuza bwino tidachita manyazi, pakuti mbala yaikulu inali kompyuta yathu yomwe. Zipangizozi zikalumikizidwa ku Wi-Fi zimayesa kuti zafika pa mtsinje wosaphwa, ndipo zimayamba zokha kukonzanso mapulogalamu ao, kutumiza zithunzi kosungira kwakutali, ndi kutsitsa kanema aliyense wobwera pa WhatsApp. Tidapita kwa mwana uja kukapepesa pa mbali imene tidamnamizira. Mankhwala ake ngapafupi. Pa Windows ndi pa malamya a Android pali posankha pa mau akuti metered, ndipo mukatero chipangizocho chimadziŵa kuti madzi ano ngogula, chimatunga mosamala. Pa WhatsApp letsani kutsitsa zinthu mosafunsa. Kanemanso aonedwe pa mlingo wotsika, popeza wooneka bwino kwambiri angathe kudya magigabaiti atatu pa ola limodzi.

Za anansi tinene mosabisa, pakuti mwambo wathu sutilola kumana mnzathu moto. Marauta ambiri ali ndi khomo lachiŵiri la alendo, lokhala ndi dzina lake ndi mau akeake achinsinsi. Woloŵera pamenepo amafika pa intaneti koma saona za m'kompyuta yanu, ndipo pa marauta ena mungathe kumuikira malire a liŵiro. Mwana wa mnansi wofuna kuona zotsatira za mayeso mpatseni khomo limenelo, ndipo mau ake muzisintha mwezi ndi mwezi. Ngati mabanja aŵiri afuna kutunga pa chitsime chimodzi nthaŵi zonse, akhale pansi poyamba ndi kupangana za ndalama, kuti chibale chisathere pa bandulo.

Tibwerere ku mipope ija. Zipangizo zimene zili pa rauta imodzi zingathe kupatsana mafayilo popanda kudya bandulo, chifukwa katunduyo satuluka m'nyumba. Pa kompyuta ya Windows, sankhani kuti netiweki ya kwanu ndi Private, tsekulani File and printer sharing, kenaka sankhani foda imodzi yokha yoti igaŵidwe. Ena aloledwe kuŵerenga ndi kukopera, koma osati kusintha kapena kufufuta. Musagaŵe kompyuta yonse, pakuti m'menemo muli makalata a ntchito ndi a ndalama. Marauta ena ali ndi poloŵetsa fulashi, ndipo imeneyo imasanduka nkhokwe ya banja lonse. Pakati pa malamya a Android pali Quick Share, ndipo a Apple ali ndi AirDrop. Kwathu mapepala a mayeso akale a Sitandade 8 timawatsitsa kamodzi kokha, ndipo ana onse amatapa pomwepo. Zithunzi za ukwati wa mwana wathu zidafika kwa aliyense osalipira kanthu. Komabe foda yogaŵana si malo osungirako chuma. Zinthu zimene simufuna kutaya zikoperedwenso pa fulashi ina yokhala payokha.

Magetsi akazima rauta nayo imazima. Timarauta ta m'thumba tili ndi batire lake, ndipo zikuluzikulu zimafuna kabatire kapadera kapena sola. Nyengo ya mvula, ziphaliŵali zikayamba, zulani pa khoma. Mukaiŵala kiyi ya chipinda choyendetsera, kuseri kuli kabowo kolembedwa reset. Mukakanikiza m'menemo ndi kawaya kwa masekondi ngati 10, rauta imabwerera mmene idachokera kusitolo, ndipo muyenera kukonzanso zonse kuyambira pachiyambi.

Chotsiriza ndi cha makolo. Kale mwana ankapempha ndalama ya bandulo, ndipo kupemphako kunkatipatsa mpata womufunsa chimene afuna kukachita. Rauta imachotsa mpata umenewo, pakuti intaneti imafika mpaka kuchipinda kwake usiku ndi usana. Marauta ambiri amalola kuikira chipangizo chilichonse maola ake, ndipo nkoyenera kutero. Koma ana amamvera msanga lamulo limene akulu nawonso akulisunga. Kwathu tidapangana kuti pa nthaŵi ya chakudya malamya onse akhale pa shelefu, ndipo ikakwana 9 koloko usiku rauta imazimitsidwa. Amene adavutika koposa ndi lamuloli sabata yoyamba ndife akuluakulu. Tsopano bandulo ikufika kumapeto kwa mwezi, ndipo mdzukulu uja ndiye tidampatsa udindo woyang'ana mndandanda wa zipangizo Loŵeruka lililonse.