Mau a Mlangizi: Mwana ndi Ndime Yake

Makolo a kwa Dambe, akuluakulu pakati panu akuwakumbukira a Payoniya, amene adayamba mu 1963 natha mu 1993. Nkhanza zao pa makadi a chipani sitiziiwala ai. Koma mnyamata wopita ku kampu ya ku Nasawa ankabwerako akudziphikira, akudzichapira, nadziwanso kulima mizere yopingasa phiri.

Makampuwo adatha, tsono ntchitoyo yagwera inu. Pa tchuthi cha Ogasiti mpatseni mwana wanu, wamkazi yemwe, ndime yakeyake m'dimba. Abzale kabichi kapena kachewere, azithirira yekha, zikakhwima akagulitse yekha ku Neno. Akaphonya musamlande khasu. Ndalama zake musazikhudze, ungakhale mchere utatha m'nyumba. Mukangomlanda kamodzi, chaka chamawa ndimeyo mudzathirira nokha.